Mwini dzina ali kumapeto

Panali nthawi imene munthu ukalemba mawu awiri okha pa kompyuta, whois microsoft.com, zotuluka zake zinkakusiya kukamwa kuli yasa. Umayembekezera tsiku limene dzina la tsamba la pa intaneti limeneli linalembetsedwa, kampani imene inaligulitsa, ndi tsiku limene lidzathe ntchito. M'malo mwake kunkatsika mndandanda wautali wa zilembo zikuluzikulu, mzere uliwonse woyamba ndi dzina la Microsoft koma wokathera kwina:

MICROSOFT.COM.WILL.BE.BEATEN.WITH.MY.SPANNER.NET
MICROSOFT.COM.IS.GOD.BECOUSE.UNIXSUCKS.COM

Wina akulonjeza kuti Microsoft adzaikwapula ndi sipanala, wina akuti Microsoft ndi mulungu. Ukafunsa za google.com zinkanyanya. Ena ankatsatsa mapulogalamu akuba, ena zithunzi zolaula, ena malo opezerako zibwenzi. Ena sankanena chilichonse, ankangondandalika chilembo cha Z kambirimbiri kenako n'kuika dzina la bizinesi yawo. Dzina lenileni limene unafunsa linkapezeka pansi penipeni, lokhalokha, ngati kuti ilo ndiye lolowerera.

Ine ndinkaziona zimenezi ku Nchalo, m'kasitolo kanga ka fotokope ndi kutayipa makalata, pa kompyuta yakale imene ndinaikamo Linux nditatopa ndi mavairasi obwera m'mafulashi a makasitomala. Mnyamata wina wophunzira za makompyuta ku Blantyre, amene ankandithandiza pa holide, atangoona mndandandawo anadzuka pampando. "Achimwene, Google aihaka!" Anafuna kujambula sikirini kuti atumizire anzake. Sanali yekha woganiza choncho. Kwa zaka zambiri mphekesera imeneyi inkabwerabwera pa intaneti: munthu waona mndandandawo koyamba, wathamanga kukalengeza kuti kampani yaikulu yathyoledwa, odziwa n'kumubweza.

Panalibe amene anathyola chilichonse, ndipo apa ndi pamene nkhaniyi imandikoma. Mizere yonse ija inalowa m'kaundula wa mayina a pa intaneti, amene whois imafunsa, podutsa pakhomo, masana, motsatira malamulo.

Kaundula wa whois ndi wakale kuposa masamba a pa intaneti amene timawadziwawa. Malongosoledwe ake oyamba anatuluka mu 1982, m'chikalata chotchedwa RFC 812, cholembedwa ndi Ken Harrenstien ndi Vic White a ku bungwe la kafukufuku la SRI, ku California. Ofesi yosunga mayina kumeneko inkatsogoleredwa ndi Elizabeth Feinler. Nthawi imeneyo netiweki inali ARPANET, ogwiritsa ntchito anali a m'mayunivesite ndi a zachitetezo ku America, ndipo aliyense ankapemphedwa kulembetsa dzina lake, keyala, nambala ya foni ndi imelo. Cholinga chinali chapafupi: makina ako akamasokoneza anzako, anthu adziwe woimbira foni. Anthuwo anali ochepa, ambiri ankadziwana, ndipo palibe amene anaganiza zoika loko. Umangolumikiza pa khomo nambala 43 la seva, kompyuta yoyankha makompyuta anzake, kulemba funso la mzere umodzi, seva n'kuyankha, basi. Chikalata cha 2004, RFC 3912, chimene chinalongosolanso njirayi, chinavomereza poyera kuti mulibemo chitetezo chilichonse.

Kenako kunalowa malonda. Dzina loyamba la .com, symbolics.com, linalembetsedwa pa 15 Marichi 1985. Mu 1993 ntchito yolembetsa mayina inapita ku kampani ya Network Solutions, mu 1998 kunabadwa bungwe la ICANN loyang'anira mayina a pa intaneti, ndipo mu 1999 ntchitoyo inagawidwa pawiri: kampani imodzi yosunga kaundula wamkulu wa .com ndi .net, ndi makampani ambiri ogulitsa mayina kwa anthu. Kaundula wamkuluyo anagwera m'manja mwa VeriSign itagula Network Solutions mu 2000, ndipo ali komweko mpaka lero.

Tsono kaundula wamkuluyu sasunga mayina a masamba okha. Amasunganso mayina a maseva amene amalondolera anthu ku masambawo. Makompyuta sadziwa mayina, amadziwa manambala, ndipo njira yosinthira dzina kukhala nambala, DNS, imene Paul Mockapetris anakonza mu 1983, imafuna kuti dzina lililonse likhale ndi seva yoyankha mafunso a dzinalo. Vuto limabwera seva ija ikakhala pansi pa dzina lomwelo. Titenge example.com, dzina limene linapatulidwa mu 1999 kuti lizingogwira ntchito ya zitsanzo. Mwini wake akanena kuti seva yake ndi ns1.example.com, ndiye kuti kuti upeze example.com uyenera kufunsa ns1.example.com, koma kuti upeze ns1.example.com uyenera kuyamba wapeza example.com. Ungazungulire mpaka m'mawa. Pothetsa zimenezi, kaundula wamkulu amalola mwini dzina kulembetsa seva yake pamodzi ndi nambala yake komweko, kuti wofunsa apatsidwe zonse nthawi imodzi.

Palibe lamulo lakuti sevayo izitchedwa ns1. Chilichonse chimene chili kumanzere kwa dzina lako ndi chako, umatcha mmene wafunira. Malire ake ndi a kutalika kokha: chidutswa chimodzi pakati pa madontho awiri chisapitirire zilembo 63, dzina lonse lisapitirire zilembo 253. M'zilembo 253 mumalowa chiganizo chathunthu, chipongwe ndi keyala ya sitolo yako pamodzi. Mwini spanner.net ankangolowa patsamba la kampani imene inamugulitsa dzina, kulembetsa seva yotchedwa microsoft.com.will.be.beaten.with.my pansi pa dzina lake, n'kuipatsa nambala. Makampani ambiri ogulitsa mayina salipiritsa kanthu pa zimenezi.

Mbali yachiwiri inali ya VeriSign. Seva yawo ya whois ukaipatsa mawu opanda kufotokoza chimene ukufuna, inkasaka m'mayina a masamba ndi m'mayina a maseva momwe, n'kubweretsa chilichonse choyamba ndi mawu akowo. Mndandandawo unkayambira ku Z kutsikira ku A, n'chifukwa chake ochenjera ankapikisana kuchulukitsa ma Z kuti akhale pamwamba. Pansi pake pankakhala malangizo achizungu a mmene ungasankhire mzere umodzi. Ukalemba mawu akuti domain patsogolo pa dzinalo, zinyalala zonse zinkachoka. Mapulogalamu a whois a masiku ano amachita okha zimenezi, n'chifukwa chake achinyamata ambiri sanauonepo mndandanda uja.

Mnyamata uja ndinamufotokozera ndi fomu ya chithandizo imene inali pa tebulo kudikira fotokope. Aliyense wa kuno amaidziwa: dzina, mudzi, gulupu, T/A, boma. Umayamba ndi chaching'ono, umathera pa chachikulu, ndipo chimene chimanena kumene munthu ali ndi cha kumapeto. Munthu wa kwa Ngabu akatcha golosale yake kuti Blantyre, kalata yolembedwa kuti Blantyre, mudzi wakutiwakuti, T/A Ngabu, Chikwawa, siikwera chitunda cha ku Thabwa. Imathera kwa Ngabu komweko. Mayina a pa intaneti ndi chimodzimodzi. Kumanja ndiko kuli boma. Mzere wa sipanala uja ndi wa .net, mwini wake ndi spanner, ndipo zonse za kumanzere ndi zimene mwiniyo walemba pakhoma la golosale yake.

Ndimawasiyanitsa anthu amene ankachita zimenezi. Oyambawo anali a nthabwala, anthu a makompyuta amene ankanyozana za Windows ndi Unix, ndipo nthabwalazo ankaziika pamalo pamene anzawo okha ndi amene akanaziona. Zimenezo ndilibe nazo mlandu, mwina n'kuseka kumene. Otsatira awo anali amalonda, ndipo awa amandidabwitsa mpaka lero. Amene amafunsa whois ndi ndani? Oyang'anira maseva, atolankhani, maloya, apolisi, ndi anthu ngati ine amene kasitomala watiuza kuti tione ngati dzina lakuti lili ndi mwini. Si msika woti ungagulitsepo zambiri. Koma malowo anali aulere, dzina loyandikana nalo linali la Google, ndipo masamba ambiri ankakopera mayankho a whois n'kuwaonetsa kwa aliyense. Wamalonda wa mtundu umenewu sawerengera kuti amva ndi angati. Akapeza khoma losalipiritsa amalemba.

Kaundula yemweyu anali ndi bowo lina, ndipo ili ndi limene linafika m'matumba a anthu a kuno.

Kopaletivi ina ya alimi cha kwa Ngabu inauzidwa ndi bungwe limene linkaithandiza kuti ikhale ndi tsamba la pa intaneti. Anabwera kwa ine. Tinagula dzina la .com, ndipo pa fomu panafunika dzina la munthu, keyala, foni ndi imelo. Malamulo a ICANN amafuna zoona zokhazokha, ndipo kuyambira pa mgwirizano wa 2013 ogulitsa mayina amayenera kutsimikiza imelo kapena foni ya wogula. Ukapanda kuyankha m'masiku 15, dzinalo amaliimitsa. Tinalemba za bambo wapampando, mlimi wa thonje ndi mapira, mkulu wa mpingo, munthu amene foni yake inali ya mabatani. Tsiku lomwelo dzina lawo, bokosi lawo la ku positi ndi nambala yawo zinali poyera, woti aliyense padziko lapansi akhoza kuziwerenga mwaulere.

Sipanatenge nthawi. Foni yawo inayamba kulira ndi manambala akunja, anthu olankhula Chizungu chothamanga akufuna kuwakonzera tsamba, ena akulonjeza kuwaika pamwamba pa Google. Mu imelo munkagwa makalata akuti kampani ina ya ku China ikufuna kulembetsa dzina la kopaletiviyo pansi pa .cn, ndiye afulumire kugula okha lisanapite. Tsiku lina anatulukira pa njinga, thukuta lili kamukamu, atanyamula pepala m'jumbo kuti lisanyowe. Anali atalisindikiza kwa munthu wina ku Ngabu. Pamwamba pake panali dzina la tsamba lawo, dzina lawo lonse lolembedwa bwinobwino, tsiku lenileni limene dzinalo lidzathe, ndi bokosi lofiira lonena kuti ili ndi chenjezo lomaliza. Mtengo wake unali wa madola, wochuluka kangapo kuposa umene tinalipira.

"Mwanawe, komiti yakumana kale," anatero. "Asungichuma avomera kuti titenge pa ndalama za thonje. Tangotiuzani kotumiza."

Ndinawapempha kuti akhale pansi, ndinawapatsa madzi, n'kuwerenga nawo pepalalo mpaka pansi. M'tizilembo ting'onoting'ono munalembedwa kuti iyi si bilu, ndi malonda chabe, ndipo wolipira akugula ntchito yolengeza tsamba lake kwa makina osakira zinthu. Dzina la kampani imene tinagulako silinali paliponse.

"Nanga tsikuli alidziwa bwanji? Dzina langa awauza ndani?"

Ndinatembenuza sikirini, ndinalemba whois ndi dzina la tsamba lawo. Zonse zinatuluka. Anayang'ana nthawi yaitali, akutsata ndi chala, kufikira pa nambala yawo ya foni. Sanakwiye. Anangofunsa ngati akazi awo nawonso alembedwamo.

Chinyengo chimenechi ndi chakale kwambiri. Mu 2000 kampani ya Register.com inasumira kampani ya Verio ku khoti la ku New York chifukwa Verio inkatumiza pulogalamu yokolola tsiku ndi tsiku mayina a anthu ongolembetsa kumene, n'kumawaimbira foni ndi kuwatumizira malonda. Khoti linaletsa, ndipo la apilo linagwirizana nazo mu 2004. Mu 2003 bungwe la boma la America loona za malonda, FTC, linatengera kukhoti kampani ya ku Canada yotchedwa Domain Registry of America chifukwa cha makalata ooneka ngati mabilu, amene anthu ankalipira osadziwa kuti akusamutsira dzina lawo ku kampani ina. Pansi pa yankho lililonse la whois pankakhala ndime yaitali yoletsa kugwiritsa ntchito zolembedwazo pa malonda. Okolola sankaiwerenga, pakuti amene ankakolola anali makina.

Mtengo weniweni wa .com si wobisika. VeriSign inkalipiritsa ogulitsa mayina madola 7.85 pachaka kuyambira 2012 mpaka 2021, ndipo mu Seputembala 2024 mtengowo unafika madola 10.26, ogulitsawo amaikapo phindu lawo. Kwa ife vuto si nambala imeneyo, vuto ndi dola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, masamba angapo a mabungwe ang'onoang'ono amene ndinkawadziwa anangozima mwakachetechete, osati chifukwa cha akuba, koma chifukwa chosowa khadi yolipirira kunja.

Chimene chinatseka kaundula uja sichinali chisoni cha aliyense pa alimi a thonje. Linali lamulo la ku Ulaya loteteza zinsinsi za anthu, GDPR, limene linayamba kugwira ntchito pa 25 Meyi 2018, lokhala ndi chindapusa chofika mayuro 20 miliyoni kapena 4 peresenti ya ndalama zonse zimene kampani imapeza pachaka. ICANN inakhala ikukambirana za whois kwa zaka zoposa khumi osamvana, koma kutatsala masiku ochepa kuti lamulolo liyambe, inatulutsa malamulo ongoyembekezera, ndipo ogulitsa mayina ambiri anaphimba zonse, za Azungu ndi za ife tomwe. Pamene panali dzina la bambo wapampando panabwera mawu akuti REDACTED FOR PRIVACY. Njira yatsopano yofunsira, RDAP, imene inalongosoledwa mu 2015, inalowa m'malo, ndipo kuyambira pa 28 Januwale 2025 ICANN sikakamizanso osunga makaundula ambiri kusunga whois yakale ija. Kuno kwathu lamulo loteteza zinsinsi za anthu linabwera mu 2024, ndipo oliyang'anira ndi a MACRA.

Mndandanda wa sipanala unatha, mafoni a kwa bambo wapampando anachepa. Koma luso lija, loika dzina lolemekezeka kutsogolo ndi lako kumapeto, silinafe. Linangosamuka. Linachoka pa sikirini yakuda ya akatswiri n'kulowa m'magulupu a WhatsApp a mipingo, a makolo a ana asukulu, a mabanki m'khonde, kumene kulibe wodziwa woti abweze mnzake.

Chigwa cha Shire chino chili ndi nyengo yake ya malinki. Amene tinaona madzi a 2015, namondwe Idai mu 2019, namondwe Ana mu Januwale 2022 amene anagumula damu la Kapichira n'kuzimitsa magetsi, ndi Freddy mu Marichi 2023 amene anasiya anthu oposa 600,000 opanda pokhala m'dziko muno, tikudziwa kuti madzi akaphwa kumabwera kalembera. Mayina amalembedwa kusukulu, kutchalitchi, pansi pa mtengo kwa agulupu, ndipo amene sanalembedwe sadya. Munthu amene waphunzira zimenezi ndi mimba yake sazengereza akamva kuti kwinakwake akulemba mayina. Akuba amadziwa zimenezi kuposa mabungwe.

Dzinja lina posachedwapa alamu anga a ku Bangula anandipeza ndikutseka sitolo. Ndi mayi wodziwa kuwerenga, amasunga mabuku a banki m'khonde ya kwawo, si munthu wopusitsika wamba. Anandipatsa foni. Mu gulupu ya amayi a mpingo munali uthenga wokhala ndi chithunzi cha mbendera, wakuti boma likulemba mabanja okhudzidwa ndi madzi kuti alandire ndalama pa foni, kalembera atseka mawa. Linki yake, nditasintha kumapeto kokha, inali yotere:

https://malawi.gov.mw.lembetsani-thandizo.example.com/fomu

"Alamu, taonani, ndi ya boma. Ayamba ndi malawi.gov.mw. Koma pofika kumapeto akufunsa PIN, ndiye mtima wanga wakana."

Mtima wawo unachita bwino, koma ndinafuna kuti maso awonso adziwe, pakuti si fomu iliyonse imene imafunsa PIN poyera. Ndinawauza kuti adumphe timizere tiwiri topendekera ta koyambirira, asake kamzere kopendekera koyamba pambuyo pake, aikepo chala. Anaika pa kamene kali patsogolo pa mawu akuti fomu. Tsopano abwerere kumanzere, awerenge zidutswa ziwiri. Anawerenga: example, com. Ameneyo ndiye mwini. Zonse za kumanzere kwake wazilemba yekha, ndipo akanatha kulembapo dzina la banki, la kampani ya foni, la mpingo wawo, ngakhale la agogo awo. Palibe amene amamufunsa, monga mmene panalibe amene anafunsa mwini spanner.net.

Anafunsa funso labwino: nanga tsamba lenileni la boma, malawi.gov.mw, ukawerenga zidutswa ziwiri supeza gov ndi mw basi? N'zoona. Mayina a mayiko ambiri ali ndi gawo lapakati. Kwathu kuno, pansi pa .mw, amene kaundula wake amasungidwa ndi Malawi SDNP ku Blantyre, pali gov.mw ya boma, ac.mw ya masukulu aukachenjede, co.mw ndi com.mw za malonda, org.mw ya mabungwe. Kutsidya kwa Marka, ku Mozambique, kuli gov.mz ndi co.mz, ku Joni kuli co.za. Ukapeza zotere umawerenga zidutswa zitatu. Koma chofunika n'chakuti mw akhale kumapeto kwenikweni, chala chako chikumukhudza. Akakhala pakati, kutsogolo kwake kukubweranso dontho ndi mawu ena, ndiye kuti wangokongoletsera.

Ananenanso za kaloko, kachizindikiro kooneka pambali pa dzina la tsamba, kuti mwana wawo anawauza kuti tsamba likakhala ndi kaloko ndiye kuti ndi labwino. Malangizo amenewa anali ndi nzeru zaka khumi ndi zisanu zapitazo, pamene chiphaso cha kalokoko chinkagulidwa. Chiyambire Let's Encrypt mu 2015, aliyense amachipeza mwaulere m'mphindi zochepa, wakuba ndi wolungama yemwe. Kaloko kamangonena kuti zimene ukulemba sizikuwerengedwa panjira. Sikanena kuti amene akuzilandira ndi ndani. A Google eni ake anakachotsa mu Chrome mu 2023 poona kuti anthu ankakamva molakwika.

Tinatsegula fomuyo pa kompyuta yanga kuti tione. Inali yokonzedwa bwino ndithu, ya mitundu ya mbendera. Dzina, nambala ya chiphaso cha unzika, nambala ya foni, boma, kenako PIN "yotsimikizira", kenako uthenga wakuti utumize linkiyo ku magulupu asanu kuti dzina lako lilowe msanga. Pa mndandanda wa maboma panali Chikwawa, Thyolo, Mulanje, Phalombe. Nsanje panalibe. Alamu anati amayi a kwawo amene anali atalemba kale ankangosankha Chikwawa, poganiza kuti boma laiwala.

Kenako ndinachita chimene ndakhala ndikuchita kuyambira masiku a sipanala. Ndinatsegula lookup.icann.org, tsamba lofunsira za m'kaundula, ndinalemba zidutswa ziwiri za kumapeto zija. Dzina la mwini: lophimbidwa. Keyala: yophimbidwa. Foni: yophimbidwa. Chophimba chimene chinapumitsa bambo wapampando ndi chomwecho chimene wafunda wakubayu, ndipo makina sasiyanitsa. Sindikufuna kuti masiku akale abwerere. Ndinaona nkhope ya munthu akuwerenga nambala yake ya foni pa sikirini ya mwana wa eni, ndipo ndikudziwa kuti akuba enieni ankalemba mayina abodza ngakhale kaundula ali potseguka; amene ankaonekera anali olungama. Koma sindinganamizirenso kuti zimene zilipo pano zinakonzedwa poganizira ife. Njira yopemphera kuona zophimbidwazo ilipo, ICANN inaitsegula mu Novembala 2023, koma ndi ya maloya, apolisi ndi akatswiri a chitetezo, ndipo wogulitsa dzina ndi amene amagamula kuti akuonetse kapena ayi. Mayi wa ku Makhanga amene ndalama za mbuzi zapita usiku umodzi alibe pogwira pamenepo.

Pa zinthu zimene sizinaphimbidwe, pali ziwiri zimene ndimayang'ana masiku ano. Choyamba ndi tsiku limene dzinalo linalembetsedwa. La google.com ndi 15 Seputembala 1997. La tsamba la alamu lija linali la sabata yomweyo, mvula itayamba kale. Boma limene lakhalapo kuyambira 1964 silingakhale ndi tsamba lobadwa Lachiwiri lapitali. Tsikuli wakuba sangalisinthe, pakuti amalemba ndi kaundula, osati iye. Chachiwiri ndi dzina la kampani imene inagulitsa dzinalo, pamodzi ndi imelo yake yolandirira madandaulo. Kuyambira pa 5 Epulo 2024 mgwirizano wa ICANN umakakamiza ogulitsa mayina kuchitapo kanthu msanga akapatsidwa umboni wogwirika wakuti dzina likugwiritsidwa ntchito yobera anthu zinsinsi zawo.

Umboniwo tinautolera pompo. Zithunzi za sikirini za fomu yonse, makamaka pofunsa PIN, chithunzi cha uthenga wa mu gulupu titafufuta manambala a amayi aja, ndi linki yonse mmene inalili. Ndinalemba kalata yaifupi ya Chizungu, ziganizo zinayi, yonena kuti tsambali likudzitcha la boma la Malawi ndipo likutolera ma PIN a ndalama za pa foni. Alamu anajambula uthenga wa mawu m'Chisena n'kuutumiza mu gulupu yawo, wouza aliyense amene analemba kale kuti asinthe PIN usiku womwewo ndipo m'mawa apite kwa ejenti kapena aimbire kampani yawo ya foni. Awiri anali atachedwa kale.

Tsambalo linazima sabata isanathe. Wogulitsa dzina sanayankhe kalata yanga, koma nditafunsanso m'kaundula panali mawu akuti clientHold, kusonyeza kuti aliimitsa. Lamlungu lotsatira alamu ananditumizira linki ina imene inagwa mu gulupu ya makolo a kusukulu. Kutsogolo kwake kunali komweko, malawi.gov.mw, kumapeto kunali kwina, kogulidwa kwa wogulitsa wina, kolembetsedwa Lachisanu. Fomu inali yomweyo, mitundu yomweyo. Pa mndandanda wa maboma anali atawonjezerapo Nsanje.